Kodi Luso Lifafaniza Mlandu?

Ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, dzuwa likapendeka ana amathamangira ku bwalo kukasewera mpira, monga achitira ana a m'midzi yonse ya dziko lino. Pakati pa anawo sipalephera kupezeka mmodzi amene miyendo yake iposa ya anzake onse. Mudzi wonse umdziwa, ndipo akagwira mpira amayi amalulutira. Tsono mwana yemweyo akatukwana woyimbira, kapena kukankha mnzake amene wamlanda mpira, akulu ena amangoseka nati: "Msiyeni, ngwaukali chifukwa ngwaluso." Mwana wina wopanda luso akachita zomwezo, amamkoka khutu pomwepo.

Apa pali funso loyenera kulisinkhasinkha. Kodi luso lichepetsa mlandu wa munthu? Kodi mwana amene ali ndi mphatso yoposa anzake aloledwe kuchita zimene ena aletsedwa? Funsoli si la masewera okha, ndiponso si la kutali. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja mu chaka cha 2015, ndipo Temwa Chawinga wa ku Rumphi analandira ulemu wonga womwewo mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ku America mu 2024. Mwana wa pa bwalo la fumbi angathe kufika pamaso pa dziko lonse, ndipo khalidwe limene adzapite nalo kumeneko ndi lomwe analoledwa kukula nalo kwawo.

Masewera Amene Munthu Aima Yekha

Pofuna kuyankha funsoli nkwabwino kuyang'ana masewera a tenisi, pakuti palibe masewera ena amene aonetsa mtima wa munthu poyera monga awa. Anthu awiri amaima m'bwalo lotalika pafupifupi mamita 24, pakati pawo pali ukonde. Aliyense ali ndi chomenyera chonga sefa ya zingwe yokhala ndi mpini, ndipo amabwezerana kampira kamene nthawi zina kathamanga kuposa makilomita 200 pa ola. Kampirako kakagwa kunja kwa mzere, amene anakamenya wataya pointi. Kakangokhudza mzere pang'ono pokha, kali m'kati. Woweruza wamkulu amakhala pa mpando wautali pambali pa ukonde, ndipo kwa zaka zambiri ankathandizidwa ndi anthu oyang'anira mizere.

Mu mpira wamiyendo munthu wolakwa angabisale pakati pa anzake khumi. Mu tenisi mulibe pobisala. Akaphonya, waphonya yekha. Akapsa mtima, anthu zikwizikwi amuona. Ndipo ndalama zimene zili pamwamba pa kampirako nzochititsa mantha, pakuti mu 2025 wopambana mpikisano wa US Open ku New York analandira madola 5 miliyoni. Ndiponso ndi masewera amene ana amatchukiramo msanga, ndevu zisanamere. Chotero luso, ubwana, chuma ndi mkwiyo zikumana pa bwalo limodzi.

Anyamata Awiri A Zaka 17

Mu June 1982, pa mpikisano waukulu wa ku Paris, mnyamata wa ku Sweden dzina lake Mats Wilander, wa zaka 17, anafika pa ndime imene atsala anthu anayi okha. Anakumana ndi José Luis Clerc wa ku Argentina, katswiri wodziwika kale. Itatsala pointi imodzi yokha kuti Wilander apambane, Clerc anamenya mpira umene oyang'anira anati wagwa kunja. Woweruza analengeza kuti masewera atha, natsika pa mpando wake. Clerc anadandaula, koma mlandu unali utagamulidwa. Pamenepo mnyamatayo, m'malo mokweza manja, anapita kwa woweruza namuuza kuti iye anaona mpirawo uli m'kati, ndi kuti safuna kupambana mwa njira yotere. Anabwereza pointiyo. Wilander anapambana ndithu, ndipo patapita masiku awiri anagonjetsa Guillermo Vilas natenga chikho.

Mu February 2017, ku Ottawa, dziko la Canada linali kulimbana ndi Great Britain pa mpikisano wa maiko wotchedwa Davis Cup. Masewera otsiriza, ogamula zonse, anagwera Denis Shapovalov, nayenso wa zaka 17, amene chaka chapitacho anali atapambana chikho cha achinyamata ku Wimbledon. Zinthu zitamuipira polimbana ndi Kyle Edmund, anatulutsa mpira m'thumba naumenya ndi mphamvu zake zonse, pofuna kuutaya kutali. Mpirawo unakamenya woweruza Arnaud Gabas m'diso, nuthyola fupa la m'munsi mwa disolo, kotero kuti anachita kumpanga opaleshoni. Mnyamatayo anachotsedwa pomwepo, dziko lake linagonja, ndipo analipitsidwa madola 7,000.

Anyamata awiriwa anali a msinkhu umodzi, onse aluso, onse atasenza katundu woposa zaka zawo. Wina anabweza chimene anapatsidwa molakwika. Wina anavulaza munthu amene sanamlakwire. Zaka sizinawasiyanitse, ndipo luso silinawasiyanitse. Chinawasiyanitsa ndi chimene aliyense anachita ndi mtima wake m'kamphindi kamene panalibe nthawi yoganiza. Pakuti m'kamphindi kotere munthu sasankha mwatsopano: amangotulutsa chimene anazolowera.

Chotsutsa Choyamba: "Sanafune"

Wina adzati: "Koma Shapovalov sanalinge kwa woweruza, inali ngozi." Nzoona, ndipo palibe amene anamnenera kuti anachita dala. Komabe pali kusiyana pakati pa ngozi yogwera munthu ndi ngozi yoitanidwa ndi munthu. Mnyamata amene ayatsa tchire m'mwezi wa October posaka mbewa, mphepo ikuomba, safuna kutentha nkhokwe ya mnansi wake. Koma nkhokweyo ikapsa, kwa mfumu sakanena kuti moto unadziyatsa wokha. Iye sanasankhe kumene motowo udzapite, koma anasankha kuuyatsa. Chimodzimodzi, womenya mpira mwaukali pakati pa anthu sanasankhe diso, koma anasankha kumasula dzanja.

Kumva mkwiyo si mlandu. Munthu amene wagwira ntchito zaka khumi, naona zonse zikugwa chifukwa cha kulakwa kwake, sangakhale ngati mwala. Mlandu uyamba pamene mkwiyo utsika kuchoka mu mtima nulowa m'dzanja kapena m'lilime. Pakati pa mtima ndi dzanja pali kampata kakang'ono, ndipo umunthu wonse wa munthu ukhala m'kampatako. Madzi akatayika saoleka.

Malamulo a tenisi agwira mfundo imeneyi bwino. Pa zolakwa zazing'ono wosewera amayamba wachenjezedwa, kenaka alandidwa pointi, kenaka chigawo cha masewera. Koma akavulaza munthu amachotsedwa, angakhale sanafune. Ndipo lamuloli silinayang'ane nkhope. Mu 1990 John McEnroe, amene anali atatenga kale zikho zazikulu 7, anachotsedwa pa mpikisano wa ku Australia chifukwa choopseza woyang'anira mzere, kuswa chomenyera ndi kutukwana akuluakulu a masewera. Mu September 2020 Novak Djokovic, amene nthawi imeneyo anali woyamba pa dziko lonse, anamenya mpira kumbuyo kwake osayang'ana, mpirawo nukamenya mayi woyang'anira mzere pakhosi. Anachotsedwa pa US Open, nataya madola 250,000 amene anali atapata kale. Lamulo limene ligwira mwana wa zaka 17 ndi mfumu ya masewera mofanana ndilo lamulo loona.

Chotsutsa Chachiwiri: "Ukali Ndiwo Mphamvu Yake"

Ena amati katswiri ndi moto, ndipo ukazimitsa motowo watha. Amaloza McEnroe, amene anakalipira oweruza moyo wake wonse napambanabe. Mawuwa ali ndi choona pang'ono. Munthu wozizira, amene kugonja ndi kupambana nzofanana kwa iye, safika patali. Koma moto wa pa mafuwa ndi moto wa pa denga ndi moto umodzi; wina uphika nsima, wina ugonetsa banja panja. Funso si lakuti moto ukhalepo kapena ayi, koma lakuti uli m'manja mwa yani.

Mdani wamkulu wa McEnroe pa bwalo anali Björn Borg wa ku Sweden, amene anatenga chikho cha Wimbledon zaka zisanu zotsatana, kuyambira 1976 mpaka 1980. Anthu ankamfanizira ndi madzi oundana chifukwa nkhope yake sinkasintha. Koma Borg sanabadwe wofatsa. Ali mwana ankatukwana ndi kuponya chomenyera, mpaka akulu a kalabu ya kwawo anamuletsa kusewera kwa miyezi ingapo. Atabwerera anali ataphunzira kutseka pakamwa. Moto sunazime; unangolowa m'ng'anjo. Akadakhala kuti akulu aja anati "msiyeni, ngwaluso," dziko likadaona munthu wina.

Ndiponso, ngakhale zikadakhala zoona kuti ukali uthandiza munthu kupambana, sizikadatha mlandu. Wolipira ukaliwo si mwini wake. Ndi woweruza amene anyozedwa pamaso pa ana ake, ndi mnzake wa pa bwalo amene asokonezedwa maganizo, ndi kamwana kotola mipira kamene kanjenjemera pakona. Palibe munthu amene ali ndi ufulu wogula chipambano chake ndi ulemu wa mnzake.

Chotsutsa Chachitatu: "Kuweruza Ndi Ntchito Ya Woweruza"

Chotsutsa ichi ncholemera koposa zinzake. Chimati: wosewera asewere, woweruza aweruze, lero alakwitsa mokomera uyu, mawa mokomera uyo, ndipo pamapeto zifanana. Wilander akadakhala chete sakadaswa lamulo lililonse. Izi nzoona ndithu. Munthu amene sanaone bwino, kapena akayika, salakwa posiyira woweruza. Koma amene waona ndi maso ake, nadziwa, nakhala chete chifukwa bodzalo limkomera, watenga chinthu cha mwini. Ali ngati wogula amene wabwezeredwa ndalama zopitirira pa sitolo, naziwerenga, naziika m'thumba. Lamulo silimgwira, koma chikumbumtima chake chinaona.

Wina angati Wilander sanataye kanthu, popeza anapambanabe. Tsono nayi nkhani ina. Mu May 2005, ku Rome, Andy Roddick wa ku America anatsala ndi pointi imodzi kuti agonjetse Fernando Verdasco wa ku Spain. Woyang'anira mzere anati mpira wa Verdasco wagwa kunja, ndipo masewera akadathera pomwepo. Bwalolo linali la dothi, limene mpira umasiyapo chidindo. Roddick anayang'ana chidindocho, naona kuti chakhudza mzere, nauza woweruza. Pointi inapita kwa Verdasco, amene analimba mtima, natembenuza masewera onse, napambana. Roddick anatuluka mu mpikisano tsiku lomwelo.

Nkhaniyi njofunika koposa ya Wilander, pakuti iteteza ana ku bodza lokoma lakuti wochita chilungamo apambana nthawi zonse. Sizitero. Nthawi zina chilungamo chimalanda munthu chikho, ndalama ndi ntchito, osambwezera kanthu kogwirika. Wophunzitsa mwana kuti "nena zoona kuti zikuyendere" wamphunzitsa malonda, osati chilungamo; tsiku limene zoona zidzamdyera, adzazisiya. Mwana aphunzire kuti pointi ya mwini njamwini, ngakhale kuibweza kumuwawe. Ndani akumbukira lero mayina a onse amene anapambana ku Rome sabata imeneyo? Koma chala cha Roddick cholozera pa dothi chikumbukikabe patapita zaka 20.

Masiku ano makina alowa m'malo mwa maso a anthu. Mu 2025 mpikisano wa Wimbledon unasiya kugwiritsa ntchito anthu oyang'anira mizere, makamera natenga ntchito yawo. Koma makina aona mzere wokha. M'chaka chomwecho ku Paris, Carlos Alcaraz wa ku Spain, amene mu 2022 anakhala woyamba pa dziko lonse ali ndi zaka 19, anabweza mpira wovuta polimbana ndi Ben Shelton, ndipo woweruza anampatsa pointi. Alcaraz anakana, nati pamene mpira unakhudza chomenyera, chomenyeracho chinali chitachoka kale m'dzanja lake, chimene lamulo liletsa. Anthu ambiri sanaone. Mwini dzanja anadziwa.

Mlandu Wa Akuluakulu

Luso limapsa msanga, khalidwe limachedwa. Mwana wa zaka 14 angathe kumenya mpira ngati munthu wamkulu, koma mtima wake ukali wa zaka 14. Chotero akagwa, mlandu si wake yekha. Jennifer Capriati wa ku America analowa m'masewera a ndalama mu 1990 ali ndi zaka 13. Makampani anamthamangira, manyuzipepala anamkweza, ndipo mu 1992 anatenga mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki ku Barcelona. Pofika kumapeto kwa 1993 anali atatopa nasiya kusewera, ndipo mu 1994 anamangidwa atapezeka ndi chamba. Pambuyo pake bungwe la tenisi ya amayi linaika malamulo ochepetsa mipikisano imene mtsikana wamng'ono angalowe. Capriati anadzuka, natenga zikho zazikulu zitatu mu 2001 ndi 2002. Koma zaka za ubwana wake palibe anambwezera.

Amene aona mwana waluso ngati munda wokolola msanga amamuwononga m'njira ziwiri. Amamsenzetsa katundu wa akulu, ndipo amamchotsera chilango cha ana. Amaopa kumdzudzula, pakuti akakwiya sasewera, ndipo akapanda kusewera timu igonja. Mwanayo amaphunzira phunziro limodzi lokha: kuti malinga apambana, zonse nzololedwa. Tsiku lina miyendo idzalema, monga ilema ya osewera onse, ndipo adzatsala ndi khalidwe lokhalo pakati pa anthu amene alibenso chifukwa chomupirira. Makolo anati kuongola mtengo mpoyamba, natinso akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likasanduka udzu wouma, moto uzimira kuti?

Owonerera nawo ali ndi gawo lawo. Khamu limene liwombera m'manja wosewera pamene akunyoza woweruza likuphunzitsa ana onse amene aima pamzere wa bwalo. Ana satsanzira mamenyedwe okha a katswiri. Atsanzira ndi kayendedwe kake, malavu ake ndi mawu ake. Ichi ndicho chifukwa chake luso silichepetsa mlandu koma liukulitsa. Wopanda dzina akatukwana amva anthu asanu. Katswiri akatukwana amva dziko.

Kugwa Ndi Kudzuka

Izi sizitanthauza kuti mwana akalakwa kamodzi atayidwe. Shapovalov, tsiku lomwelo, anapita kukapepesa kwa woweruza amene anamvulaza, ndipo pamaso pa atolankhani anavomera mlandu wonse, osaukankhira kwa mphepo kapena kwa mpira. Analandira chilango chake. Patapita miyezi 6 anagonjetsa Rafael Nadal ku Montreal, ndipo mu 2021 anafika pa ndime ya anthu anayi ku Wimbledon. Chilango sichinaphe luso lake.

Alcaraz yemweyo amene anabweza pointi ku Paris anali ataswa chomenyera chake pansi mwaukali ku Cincinnati mu August 2024, napepesa poyera m'mawa mwake. Munthu mmodzi, manja omwewo, miyezi yosakwana 10 pakati pake. Khalidwe si chinthu chimene wina abadwa nacho, wina ayi. Limakula monga likulira luso lenilenilo, pobwereza tsiku ndi tsiku. Wosewera amamenya mpira kambirimbiri kuti dzanja lizolowere. Ayeneranso kumeza mawu oipa kambirimbiri kuti lilime lizolowere. Ndipo kupepesa kwenikweni kuli ndi zizindikiro zitatu: kutchula cholakwa ndi dzina lake, kupita kwa munthu wolakwiridwayo, ndi kusenza chilango popanda kung'ung'udza.

Pa bwalo la ku Chisenga palibe makamera kapena madola. Woyimbira kawirikawiri ndi mphunzitsi kapena mnyamata wamkulu wa m'mudzi momwemo, amene mawa adzakumana ndi osewerawo pa chitsime. Koma kamphindi kaja ka Wilander ndi ka Shapovalov kamafika kumenekonso sabata iliyonse: mpira wagunda dzanja woyimbira osaona, kapena wembe walira molakwika timu ikutsala pang'ono kugonja. Yankho la funso lija tsono nlakuti luso silifafaniza mlandu. Mwana waluso adzudzulidwe monga anzake, ndipo adzudzulidwe msanga, chifukwa ndiye amene adzapite kutali ndi kuonedwa ndi ambiri. Mphunzitsi amene amkhazika pansi Loweruka limodzi chifukwa cha mwano, timu nigonja, adzanyozedwa ndi mudzi madzulo amenewo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwanayo ali ndi zaka 50 zoti akhale ndi anthu mpira atausiya.